Khadi Lachikasu

Wabwera nalo madzulo ano, Zuze,
m'thumba la malaya, lonyowa ndi thukuta,
khadi lachikasu ngati duwa la dzungu.
Unakwera zitunda za Thabwa m'bandakucha
kukapempha jakisoni ku Blantyre,
iwe amene unkathawira m'mapira
ukangoona bokosi langa la katemera.

Zaka makumi awiri ndi zitatu ndalinyamula bokosilo,
panjinga, pamutu,
m'bwato la pa Mtayamoyo madzi atakwiya,
ayezi akusungunuka ndisanafike ku Makhanga.
Ana a eni ndawabaya pansi pa mitondo,
ndawadonthezera m'kamwa, amayi awo atawatsina masaya.
Lero wanga wabayidwa ndi mlendo
amene sanafunse n'komwe ngati wadya.

Akuti ukukakumba mijigo ku South Sudan.
Ndinapempha aphunzitsi a Alufazema andilozere pamapu,
chala chawo chinayenda, chinayenda,
mpaka ndinayang'ana kumbali.

Ukuseka. Ukuti, Amayi,
ine wokulira pa Bangula,
udzudzu wa m'dambo unandiyamwa ndili m'chikuta,
kutentha kwa Okutobala ndimakufunda ngati bulangeti,
n'chiyani chingandiopse?
Mwanawe, udzudzu wa kuno ndi wachibale,
unaluma agogo ako, umadziwa kukoma kwa magazi athu.
Wa uko sukudziwa dzina lako.
Ngakhale wachibaleyu, waiwala?
Anatitengera Joakina ali ndi mano anayi okha.

Anakufunsa za buku lako la kusikelo.
Ukanawauza kuti linapita ndi madzi
chaka chimene Ruo analowa m'nyumba osaodira,
pamodzi ndi mbuzi, ndi chithunzi cha ukwati wanga.
Ukanangopinda mkono wa malaya.
Kachipsera ako paphewa lamanjapo
ndi siginecha yanga.
Ndinalemba ndekha, uli ndi masiku asanu ndi limodzi,
dzanja likunjenjemera koyamba pantchito.

Tsono tamvera, usandidule.
Neti ndaika pansi penipeni pa chikwama,
ndi yatsopano, sinaphereko usipa ngati ya amalume ako.
Mapiritsi a malungo uyambe usananyamuke,
usadikire mutu.
Madzi, ngakhale oyera ngati m'maso mwa mwana,
uwiritse, kapena uthire kolorini, udikire.
Iwe wokumba madzi usafe ndi madzi,
anthu angandiseke pamsika.
Chipatso usende wekha.
Galu wa eni usamuseweretse, ngakhale akugwedezere mchira.
Khosi likauma, thupi likatentha,
usati ndione mawa.
Mawa ndi limene linadzaza manda a kwa Tengani.
Zinazo, za usiku,
ndakuikira m'thumba la m'mbali.
Usandiyang'ane choncho. Ndine wazaumoyo ndisanakhale mayi ako...
ayi, ndanama. Koma utenge.

Akuti khadili liyamba kugwira ntchito pakatha masiku khumi.
Masiku khumi.
Boma la eni landipatsa masiku khumi
oti ndikuphikire mlamba wouma wothira thendo,
nyika za m'dambo zimene umati n'zowawa,
oti ndikukalipire za nsapato pakhomo.
Sindinayambe ndathokozapo lamulo chonchi.

Tsopano wagona pamkeka pakhonde, mkono watupa pang'ono,
thupi lafunda.
Ndikudziwa, ndi katemera akugwira ntchito,
ndawauza amayi zikwi mawu omwewa:
musaope, mawa adzuka akusewera.
Nanga bwanji ndakhala pano ndi nyale,
kukupiza udzudzu ndi chikuto cha kaundula,
kuwerenga mpweya wako
ngati sindinaphunzire kalikonse?

Kutsidya kwa Shire ng'oma yaleka.
Khadi ndaliika m'pepala la pulasitiki, ndamanga kawiri.
Ili lokha madzi asatenge.